Ndi mphumu, kapena ndi mtima womwe uja?

Mayi wina wa zaka 34 watilembera kuti anabadwa ndi bowo mu mtima ndipo anachitidwa opaleshoni ali mwana. Masiku ano akakwera kachitunda amachita befu, m'chifuwa n'kumalira ngati likhweru, makamaka m'nyengo yozizira. Inhela ya salbutamol imawathandiza pang'ono, koma mtima umathamanga akangoikoka. Funso lawo: kodi imeneyi ndi mphumu?

Mayi, kulira kwa m'chifuwa pakokha si umboni wa mphumu. Mtima ukamalephera kupopa bwino, magazi amadzadza m'mitsempha ya m'mapapo, timachubu ta mpweya timatupa n'kuchepa, ndipo kulira kwake sikusiyana ndi kwa mphumu. Timachubu totere sitichedwanso kufinyika ndi utsi wa mbaula, fumbi kapena chisanu cha m'mamawa. Palinso china chimene ambiri amaiwala: munthu amene anang'ambidwa pachifuwa ali mwana, nthawi zina mapapo ake safutukuka mokwanira. Pamenepo inhela ilibe ntchito, ngakhale muikoke kakhumi.

Pemphani kuyezedwa kotchedwa spirometry. Mumauzira mwamphamvu m'kachipangizo, mumakoka salbutamol kanayi, n'kuuziranso pakatha mphindi 15. Mpweya wotuluka pa sekondi yoyamba ukawonjezeka ndi 12% komanso ndi mamililita 200 kapena kuposa, ndiye kuti timachubu tinalidi tofinyika, ndipo ikhoza kukhala mphumu. Koma musalekere pomwepo. Mtima aujambule ndi echo, kugunda kwake akuone pa ECG, ayeze ngati magazi ndi ochepa, ndipo ngati mukutsokomola ayezenso makhololo kuopa TB.

Onetsani mankhwala onse amene mumamwa. Mwa mankhwala a mtima ndi BP, propranolol amafinya timachubu mwa anthu a mphumu. Enalapril ndi captopril amatsokomoletsa chifuwa chouma chosaleka. Salbutamol naye amathamangitsa mtima, ndipo kwa mtima wokhala ndi zipsera za opaleshoni zimenezo si zoseweretsa. Musasiye mankhwala panokha, komanso musamangowonjezera inhela.

Musadikire tsiku la kiliniki ngati mwayamba kugona ndi mapilo atatu, kudzidzimuka usiku mutabanika, kutupa akakolo, kukwera sikelo ndi makilo 2 m'masiku atatu, kukomoka kapena kulavula magazi.

Popita tengani buku la kuchipatala ndi mapepala a opaleshoni ija, ngakhale akhale ong'ambika. Mawu akuti "bowo mu mtima" samuuza dokotala zambiri. ASD (bowo pakati pa zipinda zam'mwamba za mtima), VSD (bowo pakati pa zipinda zam'munsi) ndi tetralogy of Fallot (zilema zinayi za mtima pamodzi) zimasiya mavuto osiyana munthu akakula, ndipo kasamalidwe kakenso n'kosiyana.