Kodi mjigo ndiwo yankho kwa anthu okhala pachilumba?

Bambo wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo yomwe ndakhala ndikuilingalira kwa masiku angapo. Iwo akuti gulu la abambo a kumpingo kwawo lasonkha ndalama zothandizira anthu a pachilumba cha Chisi, panyanja ya Chilwa, ndipo ambiri m'gulumo akufuna kukumbitsa mjigo monga anachitira kumudzi kwawo. Akufunsa ngati imeneyo ndiyo njira yabwino, komanso akudabwa kuti zimatheka bwanji kuti munthu wozunguliridwa ndi madzi asowe madzi akumwa.

Bambo, kudabwa kwanu n'komveka, chifukwa ife a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu tinazolowera madzi otsika m'mapiri. Madzi a m'damu la Mpira amayenda okha m'mipopi mpaka ku Balaka, ndipo m'midzi yathu yambiri mukakumba mjigo mumapeza madzi okoma. Ku Chilwa zinthu n'zosiyana. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kotero kuti zonse zimene mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe imabweretsa zimathera momwemo, ndipo madzi akamauma ndi dzuwa mchere umatsalira. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linasanduka matope. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tija, amamwa, kusamba ndi kudzithandiza m'madzi omwewo, n'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka kumeneko, moti mu 2016 kunaperekedwa katemera wakumwa wa kolera kwa asodzi ndi anthu a m'mbali mwa nyanjayi.

Pazilumba za m'nyanja zamchere vuto la mchereli limaoneka bwino kwambiri. Madzi amvula amalowa mumchenga n'kumayandama pamwamba pa madzi amchere, popeza ndi opepukirapo. Mukawapopa mopitirira, amchere aja amakwera, chitsime n'kuwonongeka. Mu 2011 dziko la Tuvalu, ku nyanja ya Pacific, linalengeza za ngozi mvula itasowa kwa miyezi ingapo, mpaka New Zealand inatumiza pandege makina ochotsa mchere m'madzi. Makinawo amapulumutsa miyoyo pa nthawi yangozi, koma amafuna magetsi ndi zipangizo zodula zimene mudzi sungakwanitse pawokha.

Sindikunena kuti musakumbe. Ndikunena kuti musapereke ndalama kwa okumba musanapite ku ofesi ya zamadzi ya boma la Zomba kukafunsa za mijigo yomwe ilipo kale m'deralo, ingati ikugwira ntchito, ingati inasiyidwa, ndipo inasiyidwa chifukwa chiyani. Mjigo wotulutsa madzi amchere amayi amausiya msanga, chifukwa sopo sachita thovu ndipo nyemba sizipsa bwino, ndiye amabwerera kunyanja ndowa zili kumutu. Funsaninso kuti zimbudzi zili pati, popeza pamalo opanikizika chimbudzi ndi chitsime zimayandikana mosavuta.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukonza. Kumudzi kwathu kuno, mjigo wa mtundu wa Afridev unaima chifukwa cha kamphira kakang'ono kam'kati kamene kanatha. Amayi ankapopa mpaka thukuta, kumangotuluka timadzi tosadzaza kapu. Komiti inatuma mnyamata panjinga kupita paboma, ndipo tsiku lotsatira madzi anayambanso kutuluka. Pachilumba, kamphira komweko kamafuna bwato, ndalama yolipirira ulendo, ndi tsiku lopanda mphepo. Choncho gawo lina la ndalama zanu lipite kophunzitsa anthu awiri kapena atatu a pachilumba pomwepo, amayi akhalepo ndithu, ndi kuwasiyira zipangizo zosinthira ndi masipanala.

Ganiziraninso za thanki yokolola madzi amvula pasukulu kapena pachipatala pamene pali denga lamalata. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi, kutanthauza kuti denga la masikweya mita 100 pamvula ya mamilimita 800 likhoza kupereka malita pafupifupi 80,000 pachaka. Thankiyo ikhale yotseka bwino, ndipo madzi a mvula yoyamba, otsuka fumbi ndi zitosi za mbalame padenga, azitayidwa. Vuto lake n'lakuti kuyambira Meyi mpaka Okutobala kulibe mvula yodalirika, motero thanki payokha singafikitse anthu kudzinja.

Apa ndi pamene kolorini amafunika. Ndi wotchipa, amakwera bwato mosavuta, ndipo alangizi a zaumoyo amadziwa kale kagwiritsidwe ntchito kake: kuthira muyezo woyenera m'chigubu chotseka, kudikira mphindi 30, n'kumathira madziwo m'kapu osaviikamo dzanja. Madzi akakhala amatope ayambe asefedwa pansalu yoyera, chifukwa matope amachepetsa mphamvu ya mankhwalawo.

Pempho langa n'lakuti abambo awiri a m'gulu lanu apite kaye ku Chisi m'mwezi wa Okutobala, pamene madzi amavuta kwambiri, akakhale pansi ndi amfumu, mlangizi wa zaumoyo ndi amayi otunga madzi, akalawenso okha madzi a pamjigo uliwonse umene aupeze. Akabwerako mundilemberenso zimene akaone, tidzawerengere limodzi ndalamazo.