Mwana amawerenga mpaka usiku koma mayeso akulakwabe

Mayi amene mwafunsa za mwana wanu wa Sitandade 7, kuti amawerenga manotsi madzulo aliwonse koma mayeso akabwera amalakwa, ndiye mukuganiza kuti mwina mutu wake ndi wouma kapena mumulipirire patitaimu: ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ana ngati ameneyu ndimakhala nawo chaka ndi chaka. Chonde mawu akuti mutu wouma asadzawamve pakamwa panu. Mwana amene amatsegula kope yekha popanda womukakamiza, khama ali nalo kale. Chikumupweteka ndi kawerengedwe kake.

Ndinali ndi mtsikana wina m'kalasi mwanga. Kope lake la sayansi linali lokutidwa bwino ndi nyuzipepala, mizere yofiira pansi pa mutu uliwonse. Ankawerenga mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamugwire. Tsiku lina ndinamuuza kuti atseke kopelo andiuze ntchito ya mizu ya chomera. Anayang'ana kudenga, milomo ikugwedera, kenaka anati, "Aphunzitsi, ndikuzidziwa koma zikundithawa." Sankanama ayi. Maso ake anali atazolowera tsambalo, monga mmene mumazindikirira nkhope ya munthu pamsika koma dzina osabwera. Kuzindikira chinthu chili pamaso ndi kuchitulutsa m'mutu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mayeso amafuna yachiwiriyo. Mwana wongobwereza kuwerenga sanaiyesepo n'kamodzi komwe.

Zimenezi anazifufuza ndithu. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke ku America anapatsa ophunzira a kuyunivesite nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anaiwerenga kamodzi n'kumalemba zimene akukumbukira osayang'ana. Patangopita mphindi zisanu, obwereza aja ndiwo anapambana. Koma patatha sabata, iwo anakumbukira 40 peresenti pomwe odziyesa aja anakumbukira 61. Chondigwira mtima n'chakuti obwerezawo ndiwo ankadzidalira kwambiri kuti akumbukira. Ndi mmenenso mwana wanu amagonera usiku, mtima uli m'malo kuti watha.

Ndiye madzulo ano yesani izi. Awerenge mutu umodzi wokha, atseke kope, akufotokozereni inuyo pamene mukusadzula ndiwo kapena mukutsuka mbale. Simukuyenera kuidziwa sayansiyo. Kope ligwireni inu. Akakakamira musafulumire kumuuza yankho, mulekeni avutike pang'ono, chifukwa kuvutika kofufuza m'mutu kumeneko ndi kumene kumakhazikitsa chinthu. Akalephereratu atsegule aone, atsekenso, anene. Masiku oyamba adzadandaula kuti njirayi ndi yowawa ndipo ikumuonetsa ngati sadziwa kanthu. Mulimbikitseni, ndi mmene zimakhalira.

Mutu womwewo mudzamufunsenso mawa, kenaka pakapita masiku atatu, kenakanso sabata yamawa. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala zambiri pa tsiku loyamba lomwelo, ndipo kubwerera ku chinthu patapita nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Mbewu simuithirira ndowa khumi tsiku limodzi n'kuisiya mwezi wonse. Ndipo beseni la madzi lija lichoke: zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika ali m'tulo, choncho mwana wa msinkhu umenewu kumuchezetsa mpaka pakati pa usiku n'kumubera.

Pali china chimene ife aphunzitsi sitikonda kuchivomereza. M'makalasi apamwambawa manotsi ndi a Chingerezi, ndipo mayeso omaliza a pulayimale a PSLCE amene adzalembe chaka chamawa ali m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Ana ambiri amaloweza ziganizo zathunthu ngati nyimbo, tanthauzo osalidziwa. Mayeso akangotembenuza funso, nyimboyo imasokonekera. Ifenso timathandizira vutoli: kalasi la ana oposa 100, silabasi ikukuthamangitsa, umangodzaza bolodi n'kufunsa kuti "Mwamva?" onse n'kuyankha "Eee!" Ine ndakhala ndikuchita zimenezi ndipo zimandiwawa. Choncho muuzeni mwanayo ayambe wakufotokozerani m'Chichewa, m'mawu akeake, ndi chitsanzo cha pakhomo pomwepo. Ngati ndi za nthunzi, aloze chivundikiro cha poto chimene chikudontha madzi. Akatha apo ndiye anene m'Chingerezi. Akalephera m'Chichewa, dziwani kuti sanamve, ndipo umenewo ndiye mutu woti akafunsenso aphunzitsi ake.

Za patitaimu, ndalama zanu zisapite msanga. Ngati kumeneko akangokopera manotsi ena pamwamba pa amene ali nawo, palibe chisinthe. Koma ngati mphunzitsiyo amafunsa ana mafunso, kuwapatsa mapepala a mayeso akale a MANEB n'kukonza nawo zolakwa mmodzimmodzi, ameneyo ndi woyenera kumulipira.

Musaiwalenso kufunsa mwanayo ngati amaona bwino pa bolodi kuchokera pamene amakhala, komanso ngati amamva mawu a aphunzitsi. Ndinapezapo mnyamata amene tonse tinkamuyesa waulesi, pomwe anali kukopera zolakwika za mnzake chifukwa zolemba za choko sankaziona. Yesani njirayi masabata atatu ndi phunziro limodzi limene amalakwa kwambiri, mudzatiuze muno mmene mayeso otsatira ayendere.