Kwa mayi amene ophunzira awo sakulowa pa Zoom

Mayi, ndawerenga funso lanu. Mwati kukoleji kwanu akupatsani kalasi ya ODeL (maphunziro akutali, amene ophunzira amaphunzira ali kwawo), mwayesa kuphunzitsa pa Zoom koma olowa ndi ochepa, ndipo olowawo amangokhala duu, makamera otseka, funso lanu osaliyankha. Mukufunsa ngati vuto ndi inu. Si inu ayi, komanso anawo si aulesi.

Ine zinandionekera mu 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19. Ndinangotenga phunziro langa la maola awiri, lomwe ndinkaphunzitsa pabolodi, n'kulisamutsira pakompyuta mmene linalili. Tsiku lina mtsikana wina wa m'kalasimo anandiimbira. Anati akuyankhula ataima pachulu kuseri kwa nyumba ya agogo ake, poti ndi pokhapo pamene netiweki imagwira. Foni anali atachajitsa pa sola ya kugolosale, yolipira, ndipo bandulo yake inatha ine ndikadali pa malonje. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Kuyambira pamenepo, pokonza phunziro ndimaganiza za mwana wa pachuluyo. Zoom imafuna kuti anthu onse akhale ndi magetsi, netiweki ndi bandulo pa ola limodzimodzi, zomwe kuno sizichitika kawirikawiri. Tikukumbuka mmene magetsi ankathimira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Ola limodzi la vidiyo ya Zoom limatha kudya 500 MB kapena kuposa, pomwe voice note ya mphindi khumi pa WhatsApp imangotenga ma MB awiri kapena kucheperapo. Ndiye konzani phunziro loti lizimudikira wophunzira, alipeze nthawi imene iye wapeza mpata, kaya ndi 4 koloko m'mawa, kaya ataweruka kuntchito. Ambiri a ODeL ndi anthu apantchito, aphunzitsi a kupulayimale, ena ali ndi makanda kumsana.

Ine ndimachita chonchi. Lolemba ndimatumiza manotsi a masamba atatu kapena anayi mu PDF, zilembo zikuluzikulu zowerengeka pafoni, opanda zithunzi zolemera. Ndimatsatiza voice note ziwiri zazifupi, iliyonse mfundo imodzi yokha. Pojambula mawu musawerenge manotsi aja. Yankhulani ngati mwanayo wakhala pamaso panu: "Tsegula tsamba lachiwiri, taona chitsanzo chili pansicho, apa ndi pamene ambiri amaphonya." Pamene pavuta ndimafotokozako m'Chichewa kenako n'kubwerera ku Chingerezi, ndipo sindiona cholakwika.

Koma chachikulu n'chakuti wophunzira achitepo kanthu sabata iliyonse, ndipo inu mumuyankhe. Kantchito kochepa: alembe ndime imodzi pakope, ajambule ndi foni, atumize lisanathe Lachisanu. Mukaona kuti ambiri alakwitsa pamodzimodzi, musavutike kulembera aliyense. Jambulani voice note imodzi yoyankha onse, ndipo mutchule mayina a amene achita bwino. Mwana akamva dzina lake likutchulidwa ndi aphunzitsi, amadziwa kuti sakungoponya ntchito m'dzenje. Amene wasowa masabata awiri, muimbireni. Nthawi zambiri mudzapeza kuti foni inabedwa, kapena kunali maliro, ndipo akuchita manyazi kubwerera.

Zoom musaitaye, koma ikhale yofunsirana mafunso, kamodzi pa masabata awiri. Yaulere ija imaduka pakatha mphindi 40, ndipo mphindi zimenezo n'zokwana. Makamera asiyeni otseka, amadya bandulo. Osafunsa kuti "pali funso?", chifukwa kudzangoti zii. Tumiziranitu funso dzulo lake, n'kuuza gulu lakutilakuti kuti ndilo lidzayambe kuyankha. Magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, lililonse ndi mtsogoleri wake, amathandiza kwambiri. Amene ali ndi netiweki yabwino amagawira anzake mafayilo.

Ngati koleji yanu ili ndi Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yoikapo maphunziro, zonse muziikanso kumeneko, chifukwa pa WhatsApp zinthu zimakwiririka ndi macheza, ndipo app ya Moodle imalola kutsitsa phunziro n'kuwerenga popanda intaneti. Pa gulu la WhatsApp ikani malamulo tsiku loyamba lomwe: nkhani za mpira ndi malonda ayi, ndipo inu mumayankha nthawi yakuti mpaka yakuti. Mukapanda kutero adzakudzutsani pakati pa usiku.

Za kukoperana ndi ChatGPT (pulogalamu ya pa intaneti yolembera munthu mayankho), zimene mwafunsa kumapeto, ine ndimapereka mafunso ofuna chitsanzo cha kwawo kwa wophunzirayo, msika wa kwawo, sukulu imene amaphunzitsa. Ndikakayikira, ndimamuimbira mphindi zitatu kuti andifotokozere pakamwa zimene walemba.

Mundiuze phunziro limene mukuphunzitsa ndi chiwerengero cha ophunzira anu, tikonzere limodzi sabata yoyamba.