Ndine mayi wapabanja, bwanji andifunse zoyezetsa magazi?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe, dzina ndabisa. Akuti anapita kuchipatala ndi chifuwa, ndiye namwino anawafunsa kuti anayezetsa liti magazi komaliza. Zinawapweteka mumtima. Alemba kuti: "Ndatha zaka 12 pabanja, kumpingo ndine mtsogoleri wa amayi, bambo akunyumba amagwira ntchito yabwino ku City Centre. Kodi namwinoyu anandiona ngati woyendayenda? Kachilomboka si ka anthu a m'mabala ndi madalaivala a mathiraki?"

Amayi, namwino uja sanakunyozeni ayi. Funso limenelo amafunsa aliyense, ndipo ine ndikanadandaula akanakulekani osakufunsani poona chitenje cha mpingo chomwe munavala.

Kuyambira 1985, pamene matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi muno, tinazolowera kuwakankhira kwa anzathu. Wa kumudzi amati ndi za m'tauni. Wa ku Area 10 amati ndi za ku Mtandire ndi ku Chinsapo. Wopemphera amati ndi za omwa mowa ku Bwandilo. Aliyense ali ndi woloza chala, ndipo akaloza amagona tulo tabwino osayezetsa. Koma kafukufuku wa za HIV m'dziko lonse lino wotchedwa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, 8.9 pa 100 aliwonse ali ndi HIV: amayi 10.5, abambo 7.1. Anthu pafupifupi 1 miliyoni. Kodi onsewa angakwane m'mabala? Ambiri ndi anthu apabanja, ndi amene timakhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu.

Chomwe chimandivutitsa ine ndi ichi. Amayi oyendayenda amene inu mukuwatchulawo chiopsezo chawo n'chachikuludi, koma ambiri amachidziwa. Kondomu imakhala m'chikwama, kuyezetsa amapita. Vuto limabwera akapeza bambo mmodzi wokhazikika, wolipira lendi, amene amamutcha "wanga". Apo kondomu imayamba kuoneka ngati chipongwe, bamboyo n'kumati switi sadyera m'pepala. Ndipo bambo ameneyo nthawi zambiri ali ndi mkazi kunyumba, amene sakudziwa kanthu ndipo sanalakwe chilichonse. N'chimodzimodzi mtsikana wa ku koleji amene ali ndi chidyamakanda chomugulira foni. Akamuona wavala suti, wonenepa, woyenda pagalimoto, amati uyu ndi wabwinobwino. Kachilombo sikaoneka pankhope, ndipo munthu amatha zaka zambiri ali nako osadwala n'komwe.

Sindikunena kuti amuna anu akuyenda njira zamseri. Sindikuwadziwa, ndipo sindikufuna kuti muwerenge izi n'kuyamba kufufuza m'foni mwawo. Munthu atha kulowa m'banja ali nako kale osadziwa. Alipo mabanja ambiri amene wina ali nako, wina alibe, kwa zaka. Kukhulupirika kwanu kumakutetezani mbali imodzi yokha. Mbali inayo simungaidziwe ndi maso, koma ndi magazi.

Za abambofe ndinene mosabisa, popeza nanenso ndine mmodzi. Tsiku lina ndinaperekeza mlongo wanga kusikelo. M'kati munadzaza amayi, mabuku awo achipatala ali m'manja. Abambo tinali anayi okha, titakhala patsinde pa mtengo panja. Mmodzi, mkazi wake atatuluka n'kumunong'oneza kuti zili bwino, anamwetulira n'kunena kuti, "Basi, ndiye kuti nanenso ndili bwino." Anakwera njinga n'kumapita, chitseko cha chipinda choyezera chili pompo chotsegula. Ambirife timayezetsa kudzera mwa akazi athu chonchi, ndiye timafika kuchipatala mochedwa, thupi litafooka kale.

Ndiye mutani? Pitani mukayezetse, ndi ulere, ndipo zotsatira mumamva tsiku lomwelo. Ku Bwaila kuli Martin Preuss Centre, ku Kamuzu Central kuli Lighthouse, ngakhale pachipatala chaching'ono cha kwanu komweko amayeza. Chabwino koposa n'kupita awiri. Musayambe ndi mawu oti "ndikukukayikirani". Nenani kuti, "Bambo, namwino wandifunsa funso lomwe ndalephera kuyankha, tiyeni tikamve limodzi." Akachita manyazi ndi mzere, pemphani kachipangizo kodziyezera nokha kunyumba, kongopaka kunkhama. Kakaonetsa mizere iwiri, mukatsimikize kuchipatala musanaganize china chilichonse.

Mukapezeka nako, mankhwala a ARV ndi aulere kuyambira 2004, ndipo masiku ano ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku. Womwa mwandondomeko, tizilombo tikachepa mpaka osaoneka poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Mukapezeka kuti mmodzi yekha ndiye ali nako, winayo akhoza kumwa PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilombo. Ndipo ngati china chachitika mwadzidzidzi, kaya kondomu yaphulika kaya munthu wagwiriridwa, pali PEP, mankhwala oteteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi, koma munthu ayenera kuyamba kumwa pasanathe maola 72.

Mwanena kuti mumatsogolera amayi kumpingo. M'gulu lanulo muli ena amene amamwa mankhwala mobisa, botolo atalikwirira pansi pa zovala m'sutikesi, poopa mawu ngati amene mwandilemberawa. Mukadzakumana Lachinayi likubwerali, kumbukirani kuti akumvetsera mmene mukutchulira matendawa.