Lole ibadikira kaye, mayi

Mayi wina wa ku Mchinji wandilembera pa imelo. Akuti wakhala akupikula soya ndi mtedza kwa zaka zinayi, koma mavenda achuluka, sikelo ili pakhonde lililonse, phindu likunka licheperachepera. Wasunga kangachepe, ndiye akufunsa: agule lole, kapena aunjike matumba kudikira kuti mitengo ikwere?

Mayi, lole ibadikira. Imafuna dalaivala, inshuwalansi ndi matayala chaka chonse, pomwe kugula mbewu kumatentha miyezi yochepa chabe anthu akakolola. Yahayala ikukwanirani.

Zounjika matumbazo n'zimene zikundidetsa nkhawa. Kumbukirani za nandolo mu 2017. Dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, litachepetsa wolowa kuchokera kunja, mitengo kuno inagwa chagada. Amene anadzaza nyumba ku Phalombe ndi ku Mulanje anatsala akuyang'anizana ndi anankafumbwe. Mpaka mu 2021 m'pamene maiko awiriwa anagwirizana za matani 50,000 pachaka. Mtengo umene mukuudikirawo amaupanga ndi anthu amene simudzawaona n'komwe.

Yambani mwapeza wogula musanapachike sikelo. Pitani ku Lilongwe kwa oyenga mafuta ophikira ndi opanga chakudya cha nkhuku, muwafunse kuti amafuna soya wouma motani, zinyalala amalola zochuluka bwanji, ndipo amalipira pakapita masiku angati. Funso lomalizali ambiri amaliiwala, mpamba n'kutsekeredwa mwezi wathunthu anzawo akugula.

Mukamva zofuna zawo, ndalama zanuzo ziikeni pa zinthu zooneka zazing'ono: kachipangizo koyezera chinyezi, sefa, malona oyanikira, mathandala oti matumba asakhudze pansi. Pa mtedza ndiye ndilimbikire kwambiri. Chizolowezi chowaza madzi kuti makoko asavute kuswa chimabweretsa chuku, ndipo chuku chomwecho n'chimene chimabwezetsa mtedza wathu kumisika yakunja. Gulani wamakoko, muswe nokha uli wouma, Chalimbana payekha, CG7 payekha. Venda wongothira zonse m'thumba limodzi sangapikisane nanu pamtengo.

Ngati mtima ukukakamirabe kusunga, sungani gawo lochepa, ndipo mufufuze za malisiti a nkhokwe ku ACE, bungwe loyendetsa msika wa zokolola. Mumasiya mbewu m'nkhokwe yovomerezeka, amaiyeza, n'kukupatsani lisiti loti mutha kukongolera ndalama. Koma muwerengetsere lendi ndi chiwongoladzanja musanasaine, poti nthawi zina zimameza kukwera konse kwa mtengo.

Nanga alimi? Iwowa anatopa ndi masikelo obera, ndipo amauzana. Sankhani makalabu awiri kapena atatu, sikelo yanu ikhale yodindidwa ndi a bungwe loona za miyezo, mlimi aziwerenga yekha manambala, ndalama ilowe tsiku lomwelo pa Mpamba kapena Airtel Money. Kawachezereninso mu Febuluwale, mbewu ikadali kumunda, nthawi imene venda wina aliyense sakuoneka.