Za malinki a mu Word otsekula pawindo lina

Aphunzitsi, ndawerenga funso lanu. Mwati munalemba manotsi a ophunzira mu Microsoft Word, munaikamo malinki a pa intaneti, koma mwana akadina linki manotsi aja amachoka pamaso pake, tsamba latsopano n'kukhala pamalo pomwepo. Mukufuna kuti linki izitsekuka payokha, manotsi n'kutsala pomwe anali.

Njira ilipo. Dinani linkiyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Edit Hyperlink. Pa kabokosi kamene katuluke, chakumanja kuli batani lolembedwa Target Frame. Mukalidina musankhe New window, kenako OK. Pansi pake pali kabokosi kena ka Set as default for all hyperlinks, ndipo ngati malinki ndi ambiri chongani pamenepo musanadine OK kuti musavutike kubwereza. Amene amagwiritsa ntchito LibreOffice Writer adine Ctrl ndi K, ayang'ane pa Further Settings, pa Frame asankhe _blank.

Mukafuna kutsimikiza kuti zagwira, dinani Alt ndi F9. Word idzakuonetsani zomwe zabisala kuseri kwa linki iliyonse, ndipo kumapeto kwa adiresi ya linki yomwe mwaikonza payokha muyenera kuona \t "_blank". Mukadinanso Alt ndi F9 zonse zibwerera mwakale.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, chifukwa ine chinanditayitsa madzulo athunthu. Lamulo la New window limagwira ntchito pokhapokha fayilo ikasungidwa ngati tsamba la pa intaneti, kutanthauza kuti pa Save As mwasankha Web Page kapena Web Page, Filtered. Mukaisandutsa PDF, lamulolo limatsalira m'njira. Ine ndinakonza malinki onse mmodzimmodzi m'chikalata cha kwaya yathu, n'kuchisunga ngati PDF, koma potsekula mu Chrome linki iliyonse inkangolowa m'malo mwa chikalatacho ngati sindinachitepo kanthu. Vuto silinali langa kapena la Word ayi. PDF ikatsekulidwa, chimene chimalamula ndi pulogalamu yomwe munthu akuwerengera, osati amene analemba.

Ndiye yambani mwadzifunsa kuti anawo amawerengera pati. Ngati amatsekula fayilo mu Word pa kompyuta, palibe choti mukonze, poti Ctrl ndi kudina kumatsekula Chrome kapena Edge payokha, Word n'kukhala chikhalire. Google Docs nayonso imatsekula linki pa tabu yatsopano popanda kuiuza. Ngati manotsi mumaika pa webusaiti ya sukulu ngati tsamba, njira ya Target Frame ija ndiyo yanu.

Ngati ndi PDF, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi imene mumatumiza, ine ndikanalemba mzere umodzi pamwamba pa manotsi wouza owerenga kuti pa kompyuta azigwira Ctrl podina linki, kapena azidina ndi kagudumu kapakati pa mausi, kuti linki itsekuke pa tabu yatsopano. Zikuoneka zazing'ono, koma mwana amene bandulo yake ndi yochepa safuna kutsitsanso fayilo chifukwa choti yamuthawa. Muzilembanso adiresi yonse poyera pafupi ndi linki, kuti amene wasindikiza manotsi papepala athe kuikopera.

Mundiuze mtundu wa fayilo yomwe mumawapatsa anawo, tione limodzi ngati pali china chofunika kusintha.