Mzungu amene anabereka agogo tinamupeza pa kalata ya imfa

Mayi wina anandilembera imelo sabata yatha. Akuti agogo a bambo ake anali mzungu wa ku Scotland, chomwe akudziwa ndi dzina lokha, ndiye ayambire pati? Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa bala limeneli ndili nalo nanenso.

Kwathu ku Mulanje tinakula tikumva za bwana wa pa esiteti ya tiyi amene anabereka agogo anga aakazi, kenako n'kubwerera kwawo osamvekanso. Agogo ankasunga kachithunzi kake m'kabokosi kachitsulo, pansi pa zitenje zakale. Kuseri kwake kunalembedwa dzina ndi liwu limodzi: Dundee, mzinda wa ku Scotland. Ukawafunsa ankangoti, "Zakale zimenezo, mwana wanga," n'kupitiriza kusenda nandolo.

Atamwalira m'pamene ndinalowa pa ScotlandsPeople, tsamba la pa intaneti la National Records of Scotland, ofesi ya boma yosunga zolemba zakale ku Edinburgh. Ndinathamangira ku kalembera, ndipo miyezi inatha, ndalama zikupita. Anthu akumeneko ankabwereza maina: mwana woyamba wamwamuna kawirikawiri ankatenga dzina la agogo ake akuchimuna. Mumzinda umodzi mumapeza anthu angapo a dzina limodzi, zaka zawo zoyandikana.

Chinanditulutsa m'tchire limeneli ndi kalata ya imfa. Kuyambira mu 1855, boma la kumeneko limalemba imfa iliyonse, ndipo pa kalatayo pamakhala maina a makolo onse awiri, kuphatikizapo dzina la bambo la mayi asanakwatiwe. Nditapeza dzina la mayi a mzunguyo, ndinabwerera ku kalembera wa 1891. Ndinamupeza ali kamnyamata, achemwali ake akugwira ntchito m'fakitale ya jute, chomera chopangira masaka. Banja lonse m'zipinda ziwiri.

Zipinda ziwirizo ndikuzidziwa chifukwa kuyambira mu 1861 kalembera wa ku Scotland ankawerenga ndi zipinda zomwe zokhala ndi mawindo. Apa ndi pamene mtima unandiwawa. Mawindo a nyumba imene munthu uyu anakuliramo analembedwa, akusungidwa mpaka lero. Koma mayi amene anamuberekera mwana, n'kumulera yekha ndi khasu, sindinapeze pepala lililonse lotchula dzina lake. Pa kalata ya imfa ya mwamunayo panali mkazi wina wa ku Scotland. Za ku Nyasaland panalibe ngakhale liwu limodzi.

N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati apeza mtundu wawo pa intaneti. Mwapeza mbali imodzi basi, ya amene anali ndi alembi. Mbali inayo ili m'kamwa mwa azakhali kumudzi, ndipo azakhaliwo akukalamba. Ine ndinachedwa kuwafunsa, ndipo zimandipweteka mpaka pano.

Poyambira

Pitani kumudzi kaye ndi kope, mukafunse dzina la mzunguyo, dera ndi nthawi imene anachoka. Kenako funani kalata ya imfa. Pa tsamba la ScotlandsPeople zimaoneka za amene anamwalira zaka zoposa 50 zapitazo, ndipo kuti muone chithunzi chake mumalipira. Mukatero bwererani m'mbuyo ndi kalembera, kuyambira wa 1921 mpaka wa 1841. Wa 1841 musamukhulupirire pa zaka, chifukwa za akuluakulu ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0. Zakale kuposa 1855 muzifune m'mabuku a mipingo.